Mfumu Richard Wachitatu ndi Zikumbutso za pa Mlatho wa Bow

Munthu wochokera ku Wigston akatsata msewu wa Welford kulowera kumpoto, amayenda makilomita pafupifupi 6 kuti afike pakati pa mzinda wa Leicester. Akapitirira pang'ono chakumadzulo, amapeza mlatho wachitsulo wotchedwa Bow Bridge, umene uli pa mtsinje wa Soar. Magalimoto amadutsa pamenepo usana ndi usiku, ndipo apaulendo ambiri sacheuka n'komwe. Komatu pambali pa mlathowo pali zikumbutso ziwiri zoyandikana zimene sizigwirizana. Choyamba ndi mwala wozokotedwa umene unaikidwa m'chaka cha 1856, ndipo umanena kuti mafupa a Mfumu Richard Wachitatu ali chapafupi pomwepo. Chachiwiri ndi chikwangwani chaching'ono cha m'chaka cha 2005, chimene chimachenjeza wowerenga kuti nkhani ya pamwalapo anthu ambiri saikhulupiriranso.

Kodi mfumu imeneyi inali yani? Nanga zinatheka bwanji kuti dziko la England lisowe manda a mfumu yake kwa zaka mazanamazana? Mayankho ake akupezeka m'mbiri ya moyo wake ndi ya imfa yake.

Ubwana wake

Richard anabadwa pa 2 Okutobala 1452 m'nyumba yamalinga ya Fotheringhay, m'chigawo cha Northamptonshire, chimene chinachita malire ndi Leicestershire. Lero nyumbayo kulibe. Patsala chulu chachikulu m'mphepete mwa mtsinje wa Nene ndi chigumu chimodzi cha khoma, chotchingidwa ndi mpanda wachitsulo, pamene anakhomapo chikwangwani chokumbutsa za kubadwa kwake. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amati zaka zimenezo ndizo zimene makolo a Achewa ankakhazikitsa ufumu wa Maravi pansi pa Kalonga, kufupi ndi nyanja ya Malawi.

Bambo ake, amenenso dzina lawo linali Richard, anali mtsogoleri wa banja la York. Mayi ake anali Cecily Neville. Mwa ana aamuna amene anakula m'banjamo, Richard ndiye anali wamng'ono.

Mwanayu anabadwa dziko lisali pamtendere. Mabanja awiri, la York ndi la Lancaster, onse ochokera kwa kholo limodzi, Mfumu Edward Wachitatu, ankalimbirana mpando wachifumu. Nkhondo yawo inayamba m'chaka cha 1455 ndipo inkabuka, kuzima, n'kubukanso kwa zaka zoposa 30. Anthu a m'mibadwo yapambuyo anaitcha Nkhondo ya Maluwa, chifukwa chizindikiro cha York chinali duwa la rozi loyera, pamene cha Lancaster chinali duwa la rozi lofiira.

Pa 30 Disembala 1460, Richard ali ndi zaka 8, bambo ake ndi mkulu wake Edmund anaphedwa pa nkhondo ya ku Wakefield. Mayi ake, poopa kuti adani angamalize banja lonse, anamukweza chombo pamodzi ndi mkulu wake wina, George, n'kuwatumiza kutsidya kwa nyanja, ku dziko limene lero likutchedwa Netherlands. Sanakhaleko nthawi yaitali. M'mwezi wa Malichi 1461 mkulu wawo woyamba, Edward, anagonjetsa asilikali a Lancaster ku Towton, nakhala Mfumu Edward Wachinayi. Anyamata aja anabwerera kwawo ali abale a mfumu, ndipo chaka chomwecho Richard anapatsidwa udindo waukulu wotchedwa Duke wa Gloucester.

Monga mwa mwambo wa mabanja olemekezeka a nthawiyo, Richard anatumizidwa kukaleredwa pakhomo la mbale wawo wamphamvu, Richard Neville, amene ankadziwika ndi dzina la udindo wake loti Warwick. Imodzi mwa nyumba za Warwick inali ya Middleham, ku Yorkshire. Pakhomo pa mkuluyu mnyamatayo anaphunzira kukwera hatchi, kugwira lupanga ndi kuyendetsa nkhani za boma.

Kutumikira mkulu wake

Mtendere sunakhalitse. Warwick anayambana ndi Mfumu Edward, nagwirizana ndi banja la Lancaster. George nayenso anapandukira mkulu wake. M'chaka cha 1470 Edward anathawa m'dziko, ndipo Richard anasankha kuthawa naye m'malo mokhala ndi munthu amene anamulera. Chaka chotsatira anabwerera ndi asilikali. Anapambana nkhondo ya ku Barnet pa 14 Epulo 1471, kumene Warwick anaphedwa, napambananso ya ku Tewkesbury pa 4 Meyi. Richard anali ndi zaka 18 zokha, koma anamenya nawo nkhondo zonse ziwirizo ngati mmodzi wa atsogoleri.

Pambuyo pake anakwatira Anne Neville, mwana wa Warwick yemwe uja, ndipo anabereka mwana mmodzi wamwamuna dzina lake Edward. Mfumu inapatsa Richard ntchito yoyang'anira chigawo chakumpoto kwa England. Kumeneko anakhala zaka zoposa khumi akuweruza milandu, kuyanjanitsa mabanja okangana ndi kuteteza malire. M'chaka cha 1482 anatsogolera asilikali amene analanda tauni ya Berwick m'manja mwa dziko la Scotland. Anthu a mumzinda wa York ankamudalira kwambiri. Akanamwalira nthawi imeneyo, bwenzi mabuku akumukumbukira ngati mng'ono wokhulupirika wa mfumu.

Ana amasiye awiri

Pa 9 Epulo 1483 Mfumu Edward inamwalira itadwala masiku ochepa. Inasiya ana aamuna awiri: Edward wa zaka 12 ndi Richard wa zaka 9. Pakati pa Achewa ufumu umatsata kuchikazi, ndipo kawirikawiri amalowa ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu. Ku England ufumu unkachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna woyamba. Choncho mnyamata wa zaka 12 uja anakhala Mfumu Edward Wachisanu.

Funso linali lakuti adzalamulire ndani kufikira mwanayo atakula. Mbali imodzi kunali akuchikazi, abale a mayi ake, Mfumukazi Elizabeth Woodville. Wamkulu wawo anali Anthony Woodville, wodziwika ndi dzina loti Rivers. Ameneyu anali atsibweni ake a mwanayo, ndipo ndiye ankamulera ku Ludlow. Mbali inayo kunali Richard, bambo ake aang'ono. Mbali ziwirizi zinkaopana, ndipo iliyonse inkaganiza kuti inzake ikagwira mphamvu idzaiwononga.

Richard sanazengereze. Kumapeto kwa Epulo anakumana ndi gulu limene linkaperekeza mwanayo ku London. Anamanga Rivers ndi anzake, natenga mfumu yaing'onoyo pa tauni ya Stony Stratford. Mfumukazi itamva zimenezi inathawira m'tchalitchi cha Westminster Abbey pamodzi ndi ana ake ena. Richard anapatsidwa udindo wa Mtetezi wa dziko, ndipo mwanayo anakaikidwa mu Tower of London. Nthawi imeneyo malowa anali ndende komanso nyumba yachifumu, mmene mafumu ankayembekezeramo tsiku lovekedwa chisoti. Pa 16 Juni mng'ono wake anatengedwa kwa mayi ake n'kupititsidwa komweko.

Masiku ochepa pambuyo pake kunalengezedwa kuti ukwati wa malemu Mfumu Edward sunali wovomerezeka, chifukwa akuti anali atalonjeza kale kukwatira mkazi wina, Eleanor Talbot. Ngati zinali choncho, malamulo a nthawiyo sankalola ana a m'banjalo kulowa ufumu. Pa 13 Juni William Hastings, bwenzi lapamtima la malemuyo, anali ataphedwa kale popanda kuzengedwa mlandu mokwanira. Pa 25 Juni Rivers anaphedwa ku Pontefract. Tsiku lotsatira Richard anakhala pa mpando, ndipo pa 6 Julayi 1483 anavekedwa chisoti chachifumu.

Ana awiri aja ankaoneka akusewera m'bwalo la Tower, kenaka anayamba kuoneka mwa apo ndi apo pamawindo, ndipo chakacho chisanathe sanaonekenso. Palibe mboni imene inaona imfa yawo, ndipo palibe bwalo limene linaweruza mlanduwo. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti anaphedwa molamulidwa ndi Richard. Ena amaloza anthu ena, ndipo enanso amati mwina anawo anawathawitsira kutali. Chodziwika n'chakuti anali m'manja mwa bambo awo aang'ono, ndipo mphekesera za imfa yawo zitafala, iye sanawatulutse kuti anthu awaone. Achewa amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amadana ndi munthu wolanda chuma cha amasiye. Anthu a ku England a nthawiyo nawonso nkhaniyi inawapweteka mtima, moti ambiri amene ankatumikira Mfumu Edward mokhulupirika anafulatira mng'ono wake.

Zaka ziwiri pa mpando

M'mwezi wa Okutobala 1483 kunabuka chipanduko, ndipo mmodzi wa atsogoleri ake anali Buckingham, yemwe anathandiza Richard kutenga ufumu. Chipandukocho chinalephera ndipo Buckingham anaphedwa.

Nyumba ya Malamulo inakumana kamodzi kokha mu ulamuliro wa Richard, kumayambiriro kwa chaka cha 1484. Ena mwa malamulo amene inakhazikitsa anali othandiza anthu wamba. Munthu womangidwa pongomuganizira mlandu ankatha kupatsidwa belo. Katundu wake sankayenera kulandidwa bwalo lisanamupeze wolakwa. Mfumu inaletsedwa kukakamiza anthu kuipatsa ndalama m'dzina la mphatso. 

Pakhomo pake panagwa zovuta. Mwana wake Edward anamwalira m'mwezi wa Epulo 1484, ndipo mkazi wake Anne anamwalira pa 16 Malichi 1485. Mfumu inatsala yopanda mkazi ndi yopanda mlowam'malo. Kutsidya kwa nyanja, ku France, adani ake anali akusonkhana kwa Henry Tudor, wa kubanja la Lancaster, amene analonjeza kuti akapambana adzakwatira Elizabeth, mlongo wawo wa ana osowa aja.

Nkhondo ya ku Bosworth

Henry Tudor anakocheza ku Wales pa 7 Ogasiti 1485. Richard anali ku Nottingham. Atamva uthengawo anatsikira ku Leicester, nafika pa 20 Ogasiti. Nthawi imeneyo Wigston unali mudzi wa alimi, ndipo tchalitchi cha All Saints, chimene chilipo mpaka lero, chinali chitamangidwa kale. M'mawa mwa 21 Ogasiti mfumu inatuluka mumzinda ndi asilikali ake kudzera pa mlatho wa Bow, umene panthawiyo unali wamiyala.

Pali nthano yakuti powoloka, kachitsulo ka kuchidendene kwa nsapato yake kanagunda mwala wa mlathowo, ndipo mayi wina wokalamba analosera kuti pobwerera mutu wa mfumu udzagunda mwala womwewo. Nthanoyi inalembedwa patapita zaka zoposa 100, koma nayo inaikidwa pa chikwangwani cha pamlathopo.

Magulu awiriwo anakumana pa 22 Ogasiti kufupi ndi Market Bosworth, mtunda woposa makilomita 20 kumadzulo kwa Leicester. Richard anali ndi asilikali ambiri kuposa Henry, koma si onse amene anali naye mtima umodzi. Chapambali panaima gulu la banja la Stanley, likuyang'ana kumene mphepo ilowere. Thomas Stanley anali bambo ake omupeza a Henry. Nkhondo ili mkati, Richard anaona Henry ali ndi anthu ochepa. Anathamangitsa hatchi yake molunjika komweko ndi amuna ake okhulupirika, napha William Brandon amene ananyamula mbendera ya Henry. Anatsala pang'ono kumufika mdani wakeyo pamene asilikali a William Stanley analowerera kumbali ya Henry. Richard anazingidwa pafupi ndi dambo, ndipo anafa akumenya nkhondo. Ngakhale olemba mbiri amene ankamuda anavomereza kuti anafa molimba mtima.

Anali ndi zaka 32, ndipo analamulira zaka ziwiri ndi miyezi iwiri. Iye ndiye mfumu yomaliza ya England kufera pankhondo. Uthenga utafika ku York, akuluakulu a mzindawo analemba chisoni chawo m'buku la khonsolo, ngakhale kuti kutero kukanatha kukwiyitsa mfumu yatsopano.

Manda osowa

Thupi lake analivula zovala, nalikoleka pamsana pa hatchi, nabwerera nalo ku Leicester. Analigoneka poyera kuti anthu atsimikize kuti mfumu yafadi. Kenaka ansembe a chipani cha Fransisko Woyera, amene ankatchedwa Greyfriars chifukwa cha mikanjo yawo yotuwa, analiika m'manda mkati mwa tchalitchi chawo. Patapita zaka pafupifupi khumi, Henry Tudor, amene tsopano anali Mfumu Henry Wachisanu ndi Chiwiri, analipira ndalama zomangira chiliza pamandapo.

M'chaka cha 1538 Mfumu Henry Wachisanu ndi Chitatu inatseka nyumba ya ansembe aja, monga inachitira ndi nyumba zina zotere m'dziko lonse. Tchalitchi chinagumulidwa ndipo miyala yake inagulitsidwa. Pambuyo pake malowo anagulidwa ndi Robert Herrick, amene anakhalapo meya wa Leicester. Iye anamangapo nyumba ndi kulima maluwa, ndipo pamalo pa manda anaimikapo chipilala chachifupi. Mlendo wina anachiona m'chaka cha 1612 n'kulemba za icho. Chikumbutso chimenechi chinkanena zoona, koma chinali m'munda wa munthu, kutali ndi maso a anthu odutsa. Malowo atasintha eni, chipilalacho chinasowa.

Nthawi yomweyo nkhani ina inali ikufala. M'chaka cha 1611 John Speed, wojambula mapu, analemba kuti pamene tchalitchi chinkagumulidwa, anthu anafukula mafupa a mfumu n'kukawataya ku mlatho wa Bow. Akatswiri a masiku ano anapeza kuti Speed anakafunafuna mandawo pamalo olakwika, pa bwinja la ansembe a chipani china. Koma nkhani yake inakoma m'makutu mwa anthu, ndipo inayenda pakamwa ndi pakamwa kwa mibadwo ingapo. M'chaka cha 1856 Benjamin Broadbent, mmisiri womanga nyumba wa ku Leicester, anaizokota pamwala n'kuuika pafupi ndi mlathowo. Cholinga chake chinali chabwino: ankafuna kuti mfumu yopanda chiliza ikhale ndi chikumbutso. Koma anazokota mwalawo patapita zaka 371 Richard atafa, ndipo analibe umboni wina koma zomva. Popeza mawuwo anali pamwala, m'mbali mwa msewu, ambiri anawatenga ngati choonadi.

Mbiri ya khalidwe lake nayo inalembedwa makamaka m'nthawi ya mafumu a banja la Tudor, amene anamugonjetsa. Thomas More anamufotokoza ngati munthu wankhanza. M'zaka za m'ma 1590 William Shakespeare analemba sewero lotchuka limene limamuonetsa ali ndi linunda, mkono wopuwala ndi mtima wa chilombo. Nthawi imeneyo pa mpando panali Mfumukazi Elizabeth Woyamba, mdzukulu wa Henry Tudor.

Ngakhale malo a nkhondo anasokonekera. Kwa zaka zambiri anthu ankaloza phiri laling'ono la Ambion. Kumeneko kuli chitsime chimene amati mfumu inamwapo madzi, ndipo m'chaka cha 1813 anachimangira mulu wa miyala. M'chaka cha 1974 anatsegulako malo ofotokozera alendo za nkhondoyo. Koma akatswiri otsogozedwa ndi Glenn Foard atafufuza m'minda yozungulira, anapeza zipolopolo za mizinga ndi kachizindikiro kasiliva kooneka ngati nguluwe, nyama imene inali chizindikiro cha Richard. Zinthuzi zinali pafupi ndi msewu wa Fenn Lane, makilomita pafupifupi 3 kuchokera pa phiri lija. M'chaka cha 2010 analengeza kuti nkhondo inachitikira kumeneko.

Mafupa apezeka

Panali anthu amene sanakhutire ndi mwala wa Broadbent. Bungwe la Richard III Society ndilo linaika chikwangwani chachiwiri chija m'chaka cha 2005. Mayi wina wa m'bungwelo, Philippa Langley, analimbikira kwa zaka zingapo kupempha chilolezo ndi kusonkhanitsa ndalama kuti bwinja la Greyfriars likumbidwe. Gawo lina la bwinjalo linali litasanduka malo oimikapo magalimoto a ogwira ntchito ku khonsolo ya mzinda.

Akatswiri ofukula zinthu zakale a ku yunivesite ya Leicester, motsogozedwa ndi Richard Buckley, anayamba kukumba pa 25 Ogasiti 2012. Tsiku loyamba lomwelo anaona mafupa a miyendo ya munthu. Sanapupulume, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayamba atsimikiza kaye kuti apezadi maziko a tchalitchi, kenaka anafukula mafupawo limodzilimodzi. Dzenje linali lalifupi, lokumbidwa mofulumira, ndipo munalibe bokosi. Mapazi anali atawonongeka ndi omanga nyumba a m'zaka zapambuyo, amene anakumba pafupi osadziwa chimene chinali pansi.

Mafupawo anafotokoza zambiri. Anali a mwamuna wa zaka za m'ma 30, amene anakhala ndi moyo m'nthawi ya Richard ndipo ankadya chakudya cha anthu olemera. Anali ndi mabala 11, ndipo 9 mwa mabalawo anali pachigaza. Msana unali wopindikira kumbali chifukwa cha matenda otchedwa scoliosis, amene anayamba atapitirira zaka khumi. Phewa lake lamanja liyenera kuti linali lokwera pang'ono kuposa lamanzere. Mikono yonse iwiri inali yabwinobwino. Motero sewero lija linakokomeza chilema chimene chinalipodi, n'kuwonjezerapo china chimene panalibe.

Umboni womaliza unachokera kuchikazi. M'thupi mwa munthu aliyense muli chinthu chotchedwa DNA, chimene amatengera kwa makolo ake. Kachigawo kena ka DNA munthu amakalandira kwa mayi ake okha. Ana aamuna amakalandira koma sangakapatsire ana awo, pamene ana aakazi amakapititsa ku mibadwo yotsatira. Choncho akatswiri anayenera kutsata mbumba ya mlongo wake wa Richard, Anne wa ku York, kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, kwa zaka zoposa 500. Wolemba mbiri John Ashdown-Hill anali atatsata kale mzere umenewo mpaka kukafika ku banja lina la ku Canada. Turi King wa pa yunivesite ija anayerekeza DNA ya mafupawo ndi ya anthu awiri amoyo a mbumba imeneyo, ndipo zinafanana. Mchewa aliyense wodziwa kuwerenga mbumba yake, kuyambira kwa mayi, kwa agogo aakazi mpaka kwa kholo la bere lawo, akhoza kuimvetsa njira imeneyi mosavuta. Pa 4 Febuluwale 2013 yunivesite inalengeza kuti mafupawo ndi a Richard Wachitatu. Anali asanasunthidwepo pamalo pamene ansembe aja anawaika.

Maliro achiwiri

Panabuka mkangano wa kumene mfumu iyenera kugona. Ena ankafuna York, ena Leicester. M'chaka cha 2014 bwalo lalikulu la milandu linagamula mokomera Leicester. Bokosi lake linakhomedwa ndi mmisiri wa matabwa amene ali mmodzi wa zidzukulu za mlongo wake uja. Pa 22 Malichi 2015 bokosilo linatengedwa kupita ku Bosworth n'kubwerera mumzinda kudzera pa mlatho wa Bow, anthu zikwizikwi ataima m'mbali mwa misewu, ena akuponya maluwa oyera. Pa 26 Malichi linaikidwa m'manda m'tchalitchi chachikulu cha Leicester, kungodumpha msewu kuchokera pa manda oyamba. Mwambowo anatsogolera ndi Arkibishopu wa Canterbury, Justin Welby. M'mandamo anaikamo dothi lochokera ku Fotheringhay kumene anabadwira, ku Middleham kumene anakhala, ndi ku Bosworth kumene anafera. Manda oyamba aja anawavundikira ndi galasi, ndipo alendo amatha kuwaona.

Kuwerenga chikumbutso

Mwala wa Broadbent sunachotsedwe. Unasiyidwa kuti anthu aziona zimene makolo a mzindawo ankakhulupirira, ndipo chikwangwani cha pambali pake chimawongola cholakwacho.

Zikumbutso zotere zili m'maiko onse. Ku Nkhotakota, m'dziko la Malawi, kuli mtengo waukulu wa mkuyu wokhala ndi chikwangwani chokumbutsa kuti David Livingstone anakumana ndi Jumbe pamenepo m'zaka za m'ma 1860, pa nkhani ya malonda a akapolo. Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kuli mishoni ya Providence Industrial Mission imene John Chilembwe anayambitsa. Iye anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915, ndipo boma la atsamunda linamuika m'manda mwachinsinsi, popanda chizindikiro. Lero nkhope yake ili pa ndalama za Malawi, ndipo dziko limamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse.

Wophunzira wanzeru akapeza chikumbutso m'mbali mwa msewu amaima n'kuchiwerenga mwaulemu. Akatero amadzifunsa mafunso atatu. Anachiika ndani? Anachiika patapita zaka zingati chichitikire nkhaniyo? Nanga anaidziwa bwanji?

Mafupa a ku Greyfriars anayankha funso la manda ndi la msana wa mfumu, koma sanayankhe funso la ana amasiye aja. M'chaka cha 1674 amisiri okonza Tower of London anapeza mafupa a ana awiri pansi pa makwerero. Mafupawo anaikidwa m'mtsuko wamwala ku Westminster Abbey, ndipo mawu a pamtsukopo amanena kuti ndi a Edward ndi mng'ono wake. Madokotala anawaona m'chaka cha 1933, nthawi imene njira yoyezera DNA inali isanatulukiridwe. Mawu a pamtsuko umenewo nawonso analembedwa patapita zaka pafupifupi 200 anawo atasowa.

Mafunso

1. Kodi Richard anabadwira kuti, ndipo ndi zovuta zotani zimene anakumana nazo ali ndi zaka 8?
2. Fotokozani ubale umene unalipo pakati pa Edward Wachisanu ndi Rivers, komanso pakati pa Edward Wachisanu ndi Richard. Pa Chichewa, ndani mwa awiriwa akanakhala mwini mbumba?
3. Tchulani malamulo awiri a m'chaka cha 1484 amene anathandiza anthu wamba.
4. N'chifukwa chiyani anthu ambiri anakhulupirira mwala wa Broadbent, pamene chipilala cha Herrick chinaiwalika?
5. Kodi mbumba ya Anne wa ku York inathandiza bwanji kuzindikira mafupa a mfumu?

Ntchito

Pitani ndi kholo kapena mphunzitsi kukapeza chikwangwani kapena mwala wachikumbutso ku Wigston kapena ku Leicester. Lembani m'Chichewa zimene chikunena, ndipo yesani kuyankha mafunso atatu a wophunzira wanzeru aja. Kenaka funsani akuluakulu a kwanu mayina a amayi a m'mbumba mwanu, kuyambira kwa mayi anu kubwerera m'mbuyo, ndipo muwalembe mwandondomeko.